Apongozi andibweretsera tiana ta abakha, ndingatiphatikize ndi nkhuku zanga?

Nachisale_Machinjiri:

Moni nonse. Paja amati safunsa anadya phula nde ine ndati ndifunse ndisanamalize tiziweto ta eni ake. Ndimakhala ku Machinjiri nyumba ya lendi koma kuseri kuli kamalo ndithu, mbali zitatu mpanda wa njerwa mbali inayo wa udzu. Kumeneko ndili ndi nkhuku 9, za Mikolongwe 5, zachikuda 3 ndi tambala mmodzi wamakani kwabasi, komanso kagadeni ka mabedi 4, mpiru, repu, anyezi ndi tomato pang'ono, kameneko ndinatchinga ndi neti yakale yong'ambika chifukwa cha kupalasa kwa nkhukuzo. Nkhuku ndakhala nazo zaka 3 tinazolowerana, ndimadziwa kuti iyi ikafuna kuikira imalira chonchi, iyi ikadwala imaima chonchi. Koma za abakha sindidziwa olo pang'ono.

Loweruka lapitali apongozi anga anabwera kuchokera kwa Jali ku Zomba atasenza katoni, ine kumaganiza kuti ndi mpunga kapena matemba mwa masiku onse, kutsegula muja ndi tiana ta abakha 7, tachikasu tina ta mawanga akuda. Ati make anagwidwa ndi galu nde anaona kuti kumudzi kuja tikathera akabawi, bola kutauni kuno kuli mpanda. Mphatso ya apongozi mukudziwa nokha kuti siikanidwa. Anati tili ndi sabata imodzi ndi masiku angapo.

Ine nzeru zanga zinali zoti bakha ndi madzi basi, nde Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinathira madzi mu beseni lochapira n'kutiponyamo, ana kusangalala kumajambula pa foni, ine n'kulowa kukatereka ndiwo. Potuluka ndinapeza kamodzi kafa, tina tiwiri tanyoweratu tikunjenjemera tikulephera kutuluka poti beseni ndi loterera. Ndinatipukuta n'kutifunditsa chitenje pafupi ndi mbaula mpaka tinatsitsimuka. Tatsala 6. Apongozi sindinawauzebe, akaimba ndimangoti tili bwino mayi.

Pano ndikutisunga mu katoni kukhitchini koma fungo lake abale, katoni ndasintha kale kawiri chifukwa timatayira madzi ponseponse, bambo a kunyumba ayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Nde ndimafuna kudziwa, ndingatilowetse liti mu khola la nkhuku? Nkhuku sizitijompha? Dzulo ndinangoyesa kutulutsa katoni padzuwa thadzi lina linabwera litatukumula nthenga ndinachita kulithamangitsa ndi tsache. Komanso nkhani ya madziyi, ngati beseni likupha nde ndizitisambitsa pati poti ine damu ndilibe ndipo madzi kuno ndi a bilu. Nanga kagadeni kanga kapulumuka? Wina anandiuza kuti abakha amangodya nkhono masamba sakhudza, wina akuti amamaliza bedi lonse tsiku limodzi, sindikudziwa womumvera. Kuno chiperoni chagwa dzana nde mantha andigwira kuti ndidzuka tsiku lina tonse tauma.

Madala_a_ku_Dwangwa:

Pepani a Nachisale, koma musadzipweteke mtima, ambiri a ife amene timaweta abakha tinayambira pa maliro a mu beseni omwewo. Chimene anthu sadziwa n'chakuti kamwana ka bakha sikabadwa ndi nthenga zokana madzi, kamakhala ndi bweya chabe. Bakha wamkulu ali ndi kachotupa ka mafuta pamwamba pa mchira, mukamuona wapotoza khosi akukanda kumbuyoko kenako n'kumadzisisita thupi lonse ndiye kuti akudzola. Tiana tikakhala ndi make, iye amadziwa nthawi yotitulutsa m'madzi n'kutifungatira kuti titenthedwe, n'chifukwa chake kumudzi mumationa tikusambira padambo tili ndi masiku atatu. Tanuto n'tamasiye, bweya umamwa madzi ngati thonje, kamalemera, kamazizidwa, basi kapita.

Ndiye zosambira muyambe mwaiwala kaye. Koma musati poti beseni lapha ndiye madzi ayi, pamenepo mupha tonse totsalato. Bakha akamadya amafuna madzi pambali, amajompha chakudya n'kuthamangira kukatsitsira ndi madzi, mukampatsa chouma popanda madzi chimamutsamwa. Komanso amafunika kumiza mlomo wonse mpaka mphuno ndi maso kuti atsuke, apo ayi mphuno zimatsekeka ndi gaga maso n'kuyamba manthongo. Ine chimene ndimachita, ndimatenga chigubu cha malita 5 cha mafuta ophikira, kuchitsuka bwinobwino, kuboola mabowo awiri atatu m'mbali oti mungolowa mutu thupi ayi. Timamwa, timatsuka nkhope, koma kulowamo sitingathe ndipo kutayikira kumachepa. Tikamakula mukukulitsa mabowo. Chigubucho muchikhazike m'mbale yaikulu kapena pa chivindikiro cha ndowa kuti otayikirawo asafike pogona.

Mwezi wa Juni uno mdani wanu wamkulu ndi mphepo. Chotsani katoni mupeze dengu lalikulu kapena theka la diramu, pansi muyale udzu wouma kapena mankhusu a mpunga kapena saka, osati nyuzipepala kapena pulasitiki chifukwa poterera miyendo imatangadza. Usiku ikani botolo la madzi otentha lokulunga m'nsanza pakona, limakhala ngati make. Mbaula m'chipinda chotseka ayi ndithu, utsi wa makala umapha ndi anthu omwe. Ndipo simukusowa choyezera, tiyang'aneni tokha, tikaunjikana pamodzi tikulira ndiye kuti tazizidwa, tikabalalika kukamwa yasa ndiye kwatentha, tikagona mwatayatayana phee ndiye zili bwino.

Za kuphatikiza ndi nkhuku, panopa ayi. Thadzi munalionalo silimaseka, nkhuku ikajompha pamutu kawiri katatu kamwana kotero katha. Tikafika masabata atatu kapena anayi mupange kampanda ka waya mkati mwa bwalo momwemo, masana kukafunda muzitiikamo, nkhuku zizitiona tsiku ndi tsiku koma osatifikira. Pamwamba muphimbe, khwangwala ndi kabawi sasiyanitsa mwanapiye ndi kabakha. Pomafika masabata 7 kapena 8 nthenga zamera msinkhu wafika ngati msoti, mutsegule inu muli pompo ndi kamtengo m'manja. Padzakhala kukankhana masiku awiri atatu kenako aliyense aziyendera yake, abakha ndi nkhuku sakondana komanso sadana, amangokhala ngati anthu a lendi pa puloti imodzi.

Koma kogona musadzaphatikize ngakhale atakula. Nkhuku zimakwera pa mtanda, abakha ambiri amagona pansi, mukawaika khola limodzi usiku wonse nkhuku zimawanyera pamsana, iwonso zitosi zawo n'zamadzimadzi amanyowetsa pansi ponse, khola la chinyontho nkhuku sizichedwa kuyamba chifuwa ndi kutsegula m'mimba. Kakhola ka pansi kotseka bwino koti khoswe ndi galu asalowe, mphepo izipita m'mwamba, n'kokwanira. Ndipo damu simukusowa. Abakha athu a kumudzi awa, a nkhope yofiira ya zinthuzinthu aja, si a m'madzi kwenikweni ngati oyera a kumafamu aja, ine anga ndinawadulira thayala lakale pakati n'kumathiramo madzi, zaka zonsezi palibe anadandaulapo. Mukadzaika beseni muikemo njerwa yopondapo potuluka, imapulumutsanso anapiye a nkhuku akagweramo.

Aise_Ndirande:

Kkkkkk asisi walira mvula walira matope. Ine sindinena zambiri, abakha ndi nyama yabwino pa mbale basi. Neba wathu anali nawo 4 okha koma pakhonde pathu panalibe popondapo, bakha amanyera akuyenda, amanyera akudya, amanyera akukuyang'ana m'maso opanda manyazi olo pang'ono. Pa mpopi paja pamene pamadontha madzi anakumba mpaka panasanduka dambo, mayi ena anaterereka ndi ndowa pamutu nkhani inakafika kwa landilodi. Inu mwati nyumba ndi ya lendi eti? Yambani mwapita kukawapatsa moni a landilodi ndi nkhuku imodzi m'manja zisanafike poipa. Pulani yanga ndi yoti titukuleni tikule, Khirisimasi mutiitane, apongozi mudzawauze kuti kunabwera chitopa.

Nachisale_Machinjiri:

Aise inu nde simukundithandiza kkkk. Madala zikomo kwambiri, za chigubu ndapanga madzulo omwe ano ndipo zatheka, tikumwa bwinobwino ndipo dengu lauma. Koma ndaona china, kamodzi kakuyenda mokhala ngati miyendo ikukalemera, kayenda pang'ono kakhala pansi, anzake akuthamangira chakudya iko kakukwawa. Sikanali mu gulu la tonyowa tija ayi. Chakudya ndikutipatsa gaga wonyowetsa, pena ndikutapako layers mash ya nkhuku zoikira ija n'kusakaniza poti ndi imene ilipo pakhomo. Kapena ndikulakwitsa pamenepa?

Wa_Bunda_wakale:

Mayi, pamenepo pali zolakwika ziwiri ndipo zonse n'zokonzeka mukachita changu.

Layers mash isiyeni lero lomwe. Chakudya chimenecho anachipangira nkhuku imene ikupanga chikamba cha dzira tsiku ndi tsiku nde kashiamu wake ndi wambiri, pafupifupi 4 pa 100, pamene kamwana kokula kamafuna pafupifupi 1 pa 100 basi. Wotsalayo thupi limavutika kumutaya ndipo amaononga impso. Gulani chick starter, chakudya cha anapiye chija, olo makilo 5 okha, m'mashopu a zaulimi amayeza pa kilo. Ali ndi mapuloteni 20 kapena kupitirira pang'ono, mutipatse mpaka masabata atatu kenako mupite ku grower, chakudya cha nkhuku zimene zikukula. Musakhalitse pa starter poganiza kuti tikula msanga, bakha amakula mothamanga kale kuposa nkhuku, mukamuonjezera moto nsonga za mapiko zimapindikira kunja ngati wanyamula timitengo ndipo akakula choncho sizibwerera.

Za miyendozo ine ndikukayikira niacin, ndi vitamini wa gulu la B. Bakha amamufuna pafupifupi kawiri kuposa mwanapiye wa nkhuku, nde olo starter wa nkhuku yemweyo pena amaperewera. Tsono gaga ndiye vuto lenileni, chifukwa niacin wa m'chimanga ndi womangika, alimo koma thupi silitha kumutulutsa, n'chifukwa chake ngakhale anthu amene amangodalira chimanga chokhachokha popanda ndiwo zabwino amadwala pelagira, khungu kumasupuka m'khosi ndi m'manja. Kabakha kodya gaga yekha miyendo imafooka n'kupindika mmene mukuoneramo. Mugule mavitamini a nkhuku osungunula m'madzi akumwa aja, muwerenge pa paketi kuti niacin kapena nicotinamide alipo, mutsate muyezo walembedwawo. Pakhomo pomwepo mulinso mankhwala, usipa kapena bonya wosinja wopanda mchere wambiri, mtedza wosinja pang'ono, dzira lowiritsa lophwanyaphwanya. Amene ali pafupi ndi ofulula mowa wa masese, masese aja amathandiza chifukwa cha yisiti, bola akhale a tsiku lomwelo osati oti ayamba kuola. Soya ngati mukufuna kusakaniza mumukazinge kaye, wamuwisi amalepheretsa kugaya chakudya. Muonjezere masamba oduladula, bonongwe, chisoso, luni, muziwaponya m'madzi mudzaona mmene timalimbiranirana, ndi kamchenga kokhakhala pambali kothandiza kupera m'nthutumba. Kofookako mukapatule pa nthawi ya kudya kuti kasaponderezedwe. Mukayamba msanga masiku ochepa kamadzuka.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse kuposa zonsezi ndi chuku. Pa ziweto zonse za nthenga, tiana ta abakha ndi timene timafa msanga ndi poizoni wa chuku amene amatchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu anadziwika mu 1960 ku England pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo pambuyo pake akatswiri ankagwiritsa ntchito tiana ta abakha poyeza ngati chakudya chili ndi poizoniyu, chifukwa ndi timene timaonetsa msanga. Nde taganizani gaga wathuyu, chimanga pokonola amachinyowetsa, gaga amabwera kuchigayo ali wachinyezi, ife n'kumusiya mu thumba pakona sabata yathunthu osayanika. Nkhuku yachikuda idya n'kupirira, kabakha chiwindi chimaonongeka kafa inu n'kumati ndi mphepo kapena ufiti. Gaga muziyanika padzuwa tsiku lomwe wabwera, akachita zibuma kapena kununkha chuku tayani, ndipo mtedza wosankhidwa wofota wakuda uja umene timati ndi wa nkhuku, kwa abakha ayi. Chakudya chonyowetsa muzipanga chotha nthawi yomweyo, chotsala chisagone m'mbale.

Chomaliza, Madala anena zoona kuti musaphatikize msanga koma ine chifukwa changa n'china. Chiweto chilichonse chochokera kwina chimayenera kukhala pachokha masabata osachepera awiri, bwinonso atatu kapena anayi, musanachisakanize ndi zanu. Abakha ali ndi khalidwe loti akhoza kunyamula kachilombo ka chitopa iwo ali gwa osadwala, n'kupatsira nkhuku. Nkhuku zanu zinalandira liti katemera? Ngati papita miyezi yoposa 4 pezani alangizi a ziweto kapena ovomerezeka kupereka katemera m'dera lanu azidonthezere katemera wa chitopa wotchedwa I-2, ndi dontho limodzi m'diso nkhuku iliyonse, ndipo muchite zimenezi pakadali masabata awiri kuti muphatikize kuti katemera akhale atagwira. Pakadali pano muziyamba kusamalira nkhuku kenako abakha, mbale zawo zisasinthane, ndipo muzisamba m'manja ndi sopo mukatigwira, makamaka anawo, asamatipsompsone.

Madala_a_ku_Dwangwa:

Achimwene a ku Bunda mwalankhula bwino, za chuku ndavomera chifukwa chaka china ndinataya 11 sabata imodzi ndipo nditafufuza anali madeya a pansi pa thumba. Koma za chitopazo kwathu kuno timaona zina, chitopa chikabwera mwezi wa Seputembala kapena Okutobala nkhuku zimatha psiti m'mudzi monse abakha ali njo akuyendayenda, nde anthu timati bola bakha, ndi amene amatsala kuti pakhomo pasakhale zii. Sindinaonepo bakha wanga akudwalitsa nkhuku ine.

Wa_Bunda_wakale:

Madala zimene mwanenazo ndi zomwe ndikunenazo, kungoti mwaziona mbali imodzi. Bakha amatsala chifukwa chitopa sichimugwetsa kawirikawiri, koma kusagwa sikutanthauza kuti alibe. Simungamuone akudwalitsa poti iye saonetsa chizindikiro, amangosiya zitosi pomwera madzi basi. Sindikuti anthu asiye kuweta abakha ayi, ndikungoti amene ali ndi zonse ziwiri asamadumphitse katemera wa nkhuku.

MayiDimba_Zomba:

A Nachisale ine ndiyankhe za gadeni poti abambowa aiwala kuti munafunsanso zimenezo. Onse awiri amene anakuuzani aja sananame. Ubwino wa bakha sapalasa, nkhuku mukailekerera mphindi 10 imafukula mizu n'kumwaza manyowa ndi udzu wophimbira bedi, bakha sachita zimenezo, amayenda akufufuza ndi mlomo kunsi kwa masamba, nkhono, ziwala, mbozi, chiswe, olo ntchentche amachita kuziwakha m'mwamba. Nthawi ya dzinja ine nkhono zinkandimalizira chayinizi usiku, chibwerere abakha ndimachita kuzisowa. Koma mapazi ake aja ndi apulanga, akaponda mbande yagona basi, ndipo mpiru, repu, chayinizi, letesi amadya ndithu osati mongolawa. Ine tsiku lina ndinaiwala kutseka kachitseko ndikupita ku maliro, pobwera nazale yanga ya repu inali ngati pameta munthu mpala. Anyezi sawalabadira kwenikweni, tomato akakula n'kumangirira pa mitengo savuta koma zipatso zakupsa za m'munsi amajompha.

Nde neti yanuyo musachotse. Ine ndimawalowetsa mbewu zikakula, kwa mphindi 20 kapena 30 ine ndili pompo ndikupalira, akayamba kusiya tizilombo n'kutembenukira masamba ndimawatulutsa. Mukakolola bedi musanabzale china apo nde alekeni atsuke tsiku lonse. Chinthu chimodzi, musawalowetse mutangothirira kumene, bakha akaona matope mutu umazungulira, amabowola ndi mlomo timaenje timaenje bedi lonse mpaka mizu kuonekera.

Za bilu ya madzi musadandaule kwambiri, madzi a mu beseni lawo ine sinditaya, m'mawa uliwonse ndimatunga ndi kheni n'kukathira pa tsinde la tomato, nthochi ndi mapapaya, ndi manyowa aulere amenewo. Kungoti pa tsinde, osati pamwamba pa masamba oti mudya posachedwa. Ndipo musasiye madzi omwewo masiku ambiri makamaka nyengo yotentha, madzi oola mogwera zakufa ndi mphutsi amawadwalitsa matenda ena oti khosi limalefuka mutu kumangoti lende, komanso mukuweta udzudzu. Beseni muziika kutali ndi khomo la khola la nkhuku ndi pomwe zimasamba fumbi, muzilisuntha malo, ndipo madzi akumwa a nkhuku muwakweze pa njerwa kapena muwapachike, apo ayi abakha amawasandutsa phala pa mphindi zisanu.

Tsono nkhani imene palibe wakuuzani ndi ya abakha aamuna. Pa 6 amenewo mwina atatu ndi amphongo. Bakha wamwamuna akakula amalemera makilo 4 kupita m'tsogolo, kawiri mkazi wake, ndipo chilakolako chake n'choopsa, akasowa akazi okwanira amakwera nkhuku. Tambala alibe chida chotuluka kunja, amangogunditsa basi, koma bakha ali nacho chachitali chopotana, nkhuku thupi lake silinapangidwire zimenezo nde imavulala mkati, kuonjezera kulemera kuja ndi kuiluma pakhosi. Ine msoti wanga wa Mikolongwe woti wangoyamba kumene kuikira unafa choncho, ndinaupeza kuseri kwa bafa nthenga za pakhosi zitathothoka ukulephera kuima, unafa tsiku lachiwiri. Chichokereni apo ndimasunga wamwamuna mmodzi pa akazi 4 kapena 5, otsalawo ndiwo. Apa nde Aise wa ku Ndirande uja ali ndi mfundo, a Juni amenewa pofika Disembala ali ndi miyezi 6 akhala atakwana bwino mu poto.

Komanso amauluka, makamaka aakazi poti ndi opepuka, mudzangoona ali pa denga la neba. Nthenga zikakhwima mudule zazitali za kunsonga kwa phiko limodzi lokha ndi sizasi, osati onse awiri, kuti akafuna kunyamuka azipendekeka. Sizipweteka bola musadule zimene zikumera kumene zokhala ndi magazi mkati, ndipo akasosoka n'kumera zina mudulenso. Za phokoso nde musaope, mtundu umenewu sulira kwe kwe ayi, wamwamuna amangofwenthera ngati wathamanga mtunda, landilodi adzamva tambala wanuyo osati iwo. Akadzayamba kuikira mudzadekhe, mazira awo amatenga masiku 35 osati 21 ngati nkhuku, mnzanga wina anataya mazira onse pa tsiku la 28 ati aola, kuswa limodzi muli kamwana kamoyo.

Aise_Ndirande:

Mwaona? Ndinanena ine kuti nkhaniyi ithera mu poto, a Bunda alemba chibuku chonse koma pomaliza tabwerera kwa ine kkkk. Asisi ine ntchafu ndi chiwindi, chopanda chuku chonde.

Nachisale_Machinjiri:

Ndabweranso abale patha masabata awiri ndi theka. Tonse 6 tilipo. Kofooka miyendo kaja ndinagula mavitamini ndi starter tsiku lotsatira lomwe, ndikusinjirako bonya, patapita masiku 5 kanayamba kuthamanga ndipo pano sindingakalozenso kuti ndi kati. Gaga ndinakayang'ana thumba lija pansi pake panali zibuma zobiriwira, ndinachita manyazi ndekha, ndinakakwirira. Nkhuku zalandira katemera Lachiwiri lapitali. Bambo a kunyumba amene ankayang'ana ndi diso lina aja ndi amene apanga kampanda ka waya ndi kakhola ka pansi, pano akaweruka kuntchito amayamba kuseri asanalowe m'nyumba, ati akukaona ngati waya ali bwino.

Thadzi lija likadali ndi nkhani, limazungulira waya tsiku lonse ngati wapolisi, koma tambala alibe nato ntchito. Dzulo masana kutafunda ndinatiikira madzi pa chivindikiro cha diramu ofika m'miyendo basi, ine nditakhala pompo, abale chisangalalo chake, kuviika mitu kuthamanga mozungulira mpaka ine ndemwe ndinanyowa, patatha mphindi 10 ndinachotsa n'kutisiya padzuwa.

Apongozi ndinawauza za kamene kanafa kaja. Anaseka ati iwo amayembekeza kuti mwina titsala tiwiri, ndipo poti ndaonetsa kuti dzanja ndili nalo ulendo wamawa abweretsa mazira a nkhanga kuti thadzi lolusalo likhalire. Sindinayankhe. Funso langa latsala ndi loti ndidziwa bwanji kuti aka n'kakamuna aka n'kakakazi, poti panopa tonse tikungofanana?

Madala_a_ku_Dwangwa:

Dikirani pang'ono a Nachisale, pofika masabata 6 mpaka 8 simudzafunsanso munthu. Aamuna amathawa anzawo msinkhu, mapazi akuluakulu, miyendo yonenepa, thupi lalitali ngati bwato, ndipo nthenga za m'mapiko zimachedwa kumera pamene aakazi amavala msanga. Ngati mukufuna kuyamba kuganizira lero, yang'anani mapazi pamene tikudya, amene akuoneka ngati avala nsapato za bambo awo amenewo ndi a Khirisimasi. Za nkhanga mudzatsegule nkhani ina, imeneyo ndi milandu ya payokha ndi maneba.